Kaduwa Kamene Mbuzi Sizidya

Felesita mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mpichesi uja unkauthyola nthambi uli wamng'ono, lichero la amayi ako ndalitembenuza pamaondo kuti likhale tebulo. Iwe wapita kutsidya kwa dambo kukatsanzika azakhali ako, ndipo ndikuwadziwa, sakumasula msanga. Choncho masana onsewa ndi anga. Mawa basi ya m'mawa ikunyamula pa Mlangeni pano, mkuja ndege, ndiye kuti ukamatsegula kalata ino udzakhala uli m'mwamba, kumene ine bambo wako ndimangofikako ndi maso. Ndimafuna ndikuuze zonsezi pakamwa, koma pakamwa panga ukupadziwa: ndikayamba nkhani ya mbuzi ndimakathera pa feteleza. Pepala lili ndi malire, mwina lindigwira.

Choyamba, ndakondwa. Ndinene mosabisa, ndakondwa moti sabata ino ndapita kumsika katatu popanda chokagula. Ndimangoima pafupi ndi ogulitsa kabichi kudikira wina andifunse za iwe, ndipo akachedwa kufunsa ndimayamba ndekha. Lamulungu lapitali, pa chisangalalo chokutsanzika, ndinavina ngoma mpaka bondo la kumigodi lija linandikumbutsa zaka zanga. Amayi ako akuti ndinkaoneka ngati tambala wonyowa. Zilibe kanthu. Mwana wa mlimi wa mbatatesi, wa m'mudzi wopanda ngakhale mpope, akupita kutsidya la nyanja kukaphunzira kupanga mankhwala a khansa. Ndani sangavine?

Tsiku lija unandifotokozera ntchito yako tikupalira kudimba, ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse, koma ndinamva theka. Theka lake ndi ili, undikonze ngati ndaphonya. Unati m'masamba ndi m'makungwa a zomera zina muli kanthu kakang'ono kamene kamaletsa khansa kukula, koma kanthu komweko ndi chiphe, kamapweteka ndi munthu yemwe. Unati ntchito yanu ndi kukatulutsa kokhakokha m'tsambamo, kukayeza, kenaka kukasintha pang'ono, kuchotsa apa kuwonjezera apo, mpaka katamaluma nthenda kwambiri n'kumamusiyako munthu. Unatinso nthawi zina munthu amasintha kambirimbiri, zaka n'kumapita, osapeza kanthu. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti ndili nazo zokuuza, pakuti sukulu ndinalekera Sitandade 3, koma pa za kulakwitsa ndinafika ku yunivesite.

Ndiyambe ndi kalongonda. Ndili mnyamata wogona m'gowelo, agogo ako anapita kumaliro ku Manjawira n'kukakhalako masiku anayi. Tsiku lachitatu njala inandipeza, ndipo pofufuza m'nyumba ndinapeza kalongonda m'dengu. Ndinkadziwa bwino kuti amayi akamaphika kalongonda amayamba m'mawa, kuwiritsa, kutaya madzi, kusenda makoko, kuthira madzi ena, kuwiritsanso, kutayanso, mpaka dzuwa kupendeka. Koma ine ndi nzeru zangazi ndinati zimenezo ndi za akazi, amangofuna chowakhazika pamoto kuti adye miseche. Ndinawiritsa kamodzi, n'kuthira mchere, n'kumaliza mbale yonse. Amalume anandipeza dzuwa litapendeka ndili chogwada kutsogolo kwa nkhokwe, ndikuipatsa moni mwaulemu ndi kuifunsa za ana. Ndinasanza masiku awiri, mudzi unaseka chaka chathunthu. Tsono ukamandiuza za kuchotsa chiphe n'kusiya chabwino, ndimaona kuti amayi a kuno anaiyamba kalekale ntchito yakoyo, kungoti labotale yawo inali mafuwa atatu. Iwo ankadziwa kuti madzi oyamba amatayidwa, achiwiri amatayidwa, ndipo palibe amene amalirira madziwo. Iwenso ukadzayesa chinthu kakhumi n'kukanika, usadzati chaka chapita pachabe, amenewo ndi madzi otaya basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Usaiwale, Felesita, wina akadzakuonetsa njira yachidule, udzakumbukire bambo wako akulonjera nkhokwe.

Chachiwiri ndi cha ku Joni. Umadziwa kuti anthu amanditcha a Dokotala, koma sindikhulupirira kuti ndinakuuzapo bwinobwino kumene dzinali linachokera. Mwala utandiphwanya bondo pansi pa mgodi, ndinagona m'chipatala cha pamgodipo miyezi itatu. Nditayamba kuyenda ndi ndodo, anaona kuti pansi sindibwererako msanga, ndiye anandipatsa ntchito momwemo: kutsuka mabotolo, kukulunga mabandeji, kutaya ndowa. Pa ntchito imeneyo anandiveka chikhoti choyera. Mwana wanga, nsalu ili ndi mphamvu. Nditangochivala ndinasiya kufunsa mafunso, poopa kuti odwala angadziwe kuti ndine mnzawo wa fosholo. Tsiku lina m'mutu munkandiyabwa, ndipo ndinali nditaona anamwino akupaka zilonda mankhwala ena a mtundu wa bilinganya. Osafunsa munthu, ndinadzipaka mutu wonse. Mtunduwo sunachoke masabata atatu, ndipo anzanga a m'komponi ananditcha Bilinganya mpaka tsiku lokwera sitima. Ungaganize kuti ndinaphunzirapo kanthu. Ayi ndithu. Pobwera kumudzi ndinapempha chikhoticho, n'kutsika basi pa Mlangeni nditachivala, mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu. Wina anafuula kuti a Dokotala afika, ine n'kumwetulira, dzina n'kukhala. Kumene ukupitako adzakupatsa chikhoti chako, ndipo chakocho chidzakhala choona. Komabe uzikafunsa. Safunsa anadya phula, pamene mawu oti sindikudziwa sanaphepo munthu.

Za pakamwa ndilemba mwachidule, ndipo chifukwa chake ukuchidziwa. Chaka china ndinapita ndi matumba a mbatatesi kumsika, khadi la chipani nditaliiwala m'thumba la malaya ena. Anyamata a pachipata atandiimitsa, m'malo mopepesa n'kubwerera, ndinafuna kuseketsa anthu. Ndinafunsa ngati mbatatesi zanga nazonso zifunika makadi, popeza zikulowa nawo. Anthu anaseka, inde, koma anaseka akuyang'ana pansi. Ndinakhala padzuwa pachipatapo kuyambira m'mawa mpaka msika kutha, mbatatesi zikufota pambali panga, kufikira amayi ako anabwera ndi khadilo atamva kwa anthu obwerera. Sanandikalipire. Anangosenza thumba limodzi n'kutsogola, ndipo zimenezo zinandiotcha kuposa dzuwa lija. Kunjako ukapeza akwathu ena amene lilime lawo lamasuka chifukwa cha kutalika kwa nyanja. Uzikadya nawo, uzikaseka nawo, koma nthabwala za bambo wako uzisiye kuno. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. M'makalata uzitiuza za kuzizira, za chakudya chawo, za mabotolo ako. Zimenezo n'zimene tikufuna kumva, ndipo makalata otero amafika msanga. Khadi lako ndaona amayi ako aliika m'kati mwa pasipoti, ndipo madilesi onse awayeza ndi chikhatho kuchokera pabondo kutsika.

Za amuna ndilibe zambiri. Ine pokafunsira amayi ako ndinavala chikhoti chija, m'thumba muli cholembera chopanda inki. Patapita zaka ndinawafunsa ngati chikhoticho n'chimene chinawakopa. Anati ayi, anandilola chifukwa tsiku lina anandiona ndikutulutsa ng'ombe ya eni m'matope nditavula malaya, chikhoticho anangochipirira. Choncho mnyamata akadzabwera ndi mawu osalala ndi madigiri ake, udzadikire umuone tsiku la matope. Akhale wa kuno, akhale wa kutsidya, ife tidzamulandira, bola adziwe kuti kwathu kuno ng'ombe zimatsogola. Mtedza umene amayi ako akukazinga usakagawe wonse sabata yoyamba, dzanja lako ndikulidziwa. Uzikavala zofunda thupi, ndipo Lamulungu uzikapeza tchalitchi, ngakhale nyimbo zake zikhale zozizira bwanji.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira ngati mbuzi pachikhomo. Zonse zapamwambazi ndalemba kuti dzanja lizolowere.

Lamulungu pa chisangalalo paja, mkulu wa mpingo anaimirira n'kukamba nkhani imene mudzi wonse umaidziwa: kuti uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi unatupa tsaya ndi khansa, ndipo bambo wako, a Dokotala, anakuchiritsa ndi kaduwa kofiirira kaja kamamera m'mbali mwa nyumba yathu, kamene mbuzi sizidya. Anati mwana watsata mapazi a bambo wake. Anthu anaomba m'manja, amayi anaimba nthungululu, ine ndinagwedeza mutu monga ndakhala ndikuchitira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Iwe unandiyang'ana ukumwetulira. Amayi ako ananyamuka kuti akaone ngati nyama yapsa, chonsecho nyama inali itadyedwa kale. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga suli m'malo. Kumene ukupitako aphunzitsi ako adzakufunsa chimene chinakukokera ku ntchitoyi, ndipo iwe udzaimirira pamaso pa anthu odziwa n'kuwauza bodza langa ndi mtima woyera. Sindingalole kuti ukwere nalo ndege. Ine sindinakuchiritse, Felesita. Ndinatsala pang'ono kukupha.

Zinayenda chonchi. Tsaya lako la kumanzere linayamba kutupa nthawi yokumba mbatatesi. Tinkati ndi dzino. Patapita masabata awiri mano anayamba kugwedera, diso likukankhidwa, nkhope yako sinalinso yako. Kuchipatala cha pafupi anatitumiza ku chipatala chachikulu cha mumzinda, ndipo tinapita tonse atatu. Kumeneko anakubaya mankhwala a mumtsempha, ndipo chimene ndinaona sindidzaiwala. M'masiku ochepa chotupa chinayamba kuphwa, tsiku ndi tsiku, mpaka unapempha chimanga chootcha. Namwino wina wachikulire, poona chikhoti changa, pakuti ndinapita nacho, usafunse, ananditengera pazenera n'kundilozera maluwa a m'mbali mwa khonde. Anati ena mwa mankhwala amene akukubaya amachokera m'kaduwa kameneko. Ananenanso zina, kuti pamafunika masamba milu ndi milu kuti atulutse kadontho, kuti anthu ophunzira amakasefa ndi kukayeza nthawi yaitali, kuti kumwa masambawo n'koopsa. Mawu amenewo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Ine ndinali nditamva kale chimene ndinkafuna, chakuti kaduwa kameneko kali pakhomo panga.

Anatitulutsa n'kutiuza kuti tibwerenso pakatha masabata atatu, ndipo anabwereza kawiri kuti nthendayi imabisala, tisanyengedwe ndi kuphwa kwa tsaya. Tsiku litayandikira, ndinauza amayi ako kuti ulendo wa kumzinda ndi wongovutitsa mwana, mankhwala ake ndawadziwa, ndipanga ndekha. Anakana. Ndinawafunsa kuti pakati pa ine ndi iwo, anagwirapo ntchito m'chipatala ndani. Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndipo amandichititsa manyazi kuposa mutu wa bilinganya uja. Ndinathyola masamba, ndinawiritsa mumphika pabwalo, dzuwa likuswa mtengo, nditavala chikhoti, kuti odutsa aone. Ndinkakumwetsa kapu m'mawa, kapu madzulo. Unkalira kuti n'zowawa, unkasanza, m'mimba munkakupota, ine n'kumati ndiye kuti akugwira ntchito. Sabata yachiwiri tsaya linayambanso kukwera. Ndinaliona, mwana wanga, ndinaliona ndithu, koma ndinangowonjezera masamba.

Tsiku lina ndinalawirira kudimba. Pobwera masana ndinapeza mphika wanga atautembenuza pakhomo penipeni, mankhwala atawatayira padothi, m'nyumba muli zii. Anansi anandiuza kuti a NaNgozo, amayi ako, abereka mwana kumsana, alowera kumsewu. Zotsatira zake ndinazimva pambuyo. Amayi ako anaima pamsewu iwe uli kumsana, msinkhu wako wonsewo, miyendo ikulendewera mpaka m'maondo mwawo, basi itadutsa kale. Anaimitsa lole ya Che Saidi, Msilamu uja anali ndi sitolo pa Manjawira, ikuchokera ku Tsangano ndi mbatatesi. Che Saidi anangoyang'ana nkhope yako kamodzi, n'kuuza mphwawo kuti akakhale pamatumba, inu n'kukhala kutsogolo. Ulendo wawo umayenera kuthera pa Manjawira. Atafika anatsitsa theka la katundu, akazi awo anakupatsani tiyi, iwo anaswali monga mwa chipembedzo chawo, n'kulizanso galimoto mpaka pachipata cha chipatala. Amayi ako atawapititsira nkhuku pambuyo pake, anaikana, anati nawonso ali ndi ana. Munthu ameneyo anamwalira iwe uli ku sekondale, ndipo ine sindinapiteko kukamuthokoza, chifukwa kuthokoza kukanakhala kuvomera.

Ndinakhala masiku atatu ndikuuza anthu kuti ndakutumizani ndine, kuti madokotala anzanga akangoona mmene mankhwala anga agwirira. Tsiku lachinayi ndinakwera basi. Chikhoti ndinachisiya. Ndinakupeza uli chigonere, singano ili padzanja, tsaya lili ngati poyamba paja. Ndinaima pakhomo la wodi ndikuyembekeza kuti amayi ako andilalatira pamaso pa anthu, ndipo ndikanalandira. Iwo anangosendera pabenchi.

"Mwabwera? Khalani apa, mugwire dzanja ilo. Linalo lili ndi singano."

Dokotala weniweni atabwera anafunsa mokalipa chimene tinachedwera, nati pakanapita sabata ina sakanalonjeza kanthu. Ndinatsegula pakamwa, koma amayi ako anandidula. Anati msewu wa kwathu unali woipa. Za mphika anali atamunong'oneza kale namwino wachikulire uja, kuti adziwe chimene chili m'mimba mwako, koma pamaso pa anthu anandiveka, sanandiulule. Dokotala anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuyang'ana simenti. Munakhala kumeneko miyezi iwiri. Tsitsi lako linathothoka, unaonda ngati bango, koma tsaya linaphwa ndipo silinabwererenso.

Mutabwera, anthu anali atailumikiza okha nkhani. Anaona mphika pabwalo, anaona mwana wachira, basi. Ine sindinanene kuti ndakuchiritsa, koma sindinakanenso, ndipo pa zinthu ngati izi kusakana ndi kunama komwe. Kenaka anayamba kubwera ena, wina ndi chotupa pakhosi, wina ndi mwana kumsana. Apa m'pamene uonere nzeru za amayi ako. Ankawachingamira pachipata ine ndisanatuluke, n'kuwauza kuti mankhwala a a Dokotala ali ndi chizimba chake, sagwira munthu amene sanayambe wapita ku chipatala chachikulu n'kutsiriza jakisoni zonse. Anthu ankapita. Ena anachira, ena ayi, koma palibe amene anamwa za mumphika mwanga, ndipo mphikawo unasanduka womwera nkhuku. Ine ndinkamva zonsezo ndili m'nyumba, n'kumakhosomola ngati munthu wofunika. Iwe unakula ukuthirira kaduwa kaja, ukukatcha kako, ndipo ukandifunsa mmene ndinaphikira ndinkakutuma kukatsekera mbuzi.

Ndiye malangizo anga aakulu ndi awa, ndipo ndinawaphunzira mowawa. Tsamba ndi lomwelo, la mumphika mwanga ndi la m'singano ija. Kusiyana kwake ndi anthu amene anakhala pansi zaka zambiri, kusefa, kuyeza, kulakwa, kulemba kuti talakwa, n'kuyambanso. Iwe ukukakhala mmodzi wa iwo. Tsiku lina chinthu chimene wachivutikira, chimene wauza kale anthu kuti chikugwira, udzaona kuti sichikugwira. Udzaona tsaya likukwera. Tsiku limenelo usadzawonjezere masamba, Felesita. Udzanene, ngakhale dzina lako lichepe, chifukwa kumapeto kwa mabotolo akowo kuli mwana wa munthu. Usaiwale zimenezi, ngakhale uiwale kalongonda ndi zina zonse. Ndipo akadzakufunsa amene anakuchiritsa, udzatchule mayi wosadziwa kulemba dzina lake, wamalonda wa pa Manjawira, ndi anthu osawadziwa amene anasefa kaduwako. Ine udzanditchule ngati chitsanzo cha mmene osachitira, pamenepo ndiye ndimakhoza ndithu.

Apa ndinalekeza kanthawi. Ndinaona kuti si bwino kukupatsa kalata yonena za amayi ako iwo osaimva, ndiye ndinapita kukhitchini kumene akukazinga mtedza wako, n'kuwawerengera yonse kuyambira pa mpichesi. Pa nkhokwe anaseka, pa bilinganya anaseka mpaka kupukuta misozi. Nditafika pa mphika anasiya kutakasa, moti mtedza wina wapserera, ukaupeza wakuda udziwe kuti ndi ine. Nditamaliza ndinadikira. Anati ndalemba bwino, koma ndalakwitsa pawiri. Choyamba, nkhuku ija Che Saidi anailandira, kungoti patapita miyezi anaibweza ili ndi anapiye ake. Chachiwiri anachinena akuyang'ana m'chiwaya.

"Mwanayo akudziwa. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, sanali mwala. Anandifunsa tsiku lopita ku sekondale, ndinamuuza zonse."

Ndinafunsa chifukwa chimene sunanenepo kanthu zaka zonsezi.

"Anati, asiyeni ababa, adzandiuza okha. Nanga inu mukuganiza kuti anasankhiranji ntchito imeneyi? Akufuna adziwe chifukwa chake tsamba lomwelo linamupweteka mumphika mwanu n'kumuchiza m'singano."

Ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa khola, mathole akundiyang'ana. Ndinalira, ndisakubisire, koma sikunali kulira kowawa. Zaka khumi wakhala ukundimwetulira ukudziwa, ukundidikira, ine n'kumadziyesa wochenjera. Ndiye kalata yonseyi ilibe chachilendo kwa iwe. Uitengebe, ukhale ndi umboni woti bambo wako anafika, ngakhale anafika tsiku lachinayi monga mwa chizolowezi chake. Mawa pa siteji, anthu onse okuperekeza ali pomwepo, mkulu wa mpingo alipo, ndidzanena ndi pakamwa panga basi isanafike, kotero ukamawerenga izi udzakhala utandimva kale. Amayi ako akuti ndisakatalikitse, ndingakusiyitse basi.

Chatsala chimodzi, ndipo ndifulumire chifukwa ndakuona ukuwoloka dambo, azakhali ako akukutsata ndi nkhuku imene sudzaloledwa kukwera nayo ndege. Nditachoka kukhola ndinaganiza zokupatsa chikhoti chija, chimene chakhala pansi pa bokosi kuyambira chaka chimenecho. Ndinatsegula bokosi, ndinafufuza mpaka pansi, mulibe. Nditafunsa amayi ako, anangondilozera sutikesi yako ndi mthiko. Chili mmenemo, pansi pa juzi, chochapidwa, chositidwa, ndipo manja ake anawadula kale sabata yatha n'kuwapinda pa msinkhu wa mikono yako. Sanandifunse n'komwe. Ndachiyeza pa mkono wanga, sichikundikwananso.

Pita bwino, mwana wanga, Mulungu akutsogolere uko ndi kukubwezera kuno. Kaduwa kako ndizikathirira, koma sindikathyolanso.

Ndine bambo wako,
Yohane, wotsuka mabotolo